Chikope Chachitsulo

Ku Höfn, kusanache bwino,
m'shedi ya ndege monunkha mafuta ndi ubweya wonyowa,
ndayala zida zanga paphiko.
Ketill akugogoda tayala ndi nsapato,
ayang'ana mitambo, osanena kanthu.
Ife a kuno mawu timasunga
ngati nsomba zouma za m'nyengo yamdima.

Ndiyamba ndi lamba.
Kamera ndaimanga m'khosi, ndaimanganso padzanja,
pakuti mphepo ya kumwamba ikalanda sibweza.
Chipewa cha lenzi ndavula, chitsale pansi;
chaka chatha chinzake chidauluka
ndipo mwina nkhosa ina ikuchinunkhizabe kuchigwa.

Ndipotokola mkombero wa lenzi mpaka kumathero,
kumene diso limaleka kusamala za pafupi,
ndiumata ndi tepi yakuda kuti usasunthe.
Chikope cha kamera ndachilangiza:
uphethire msanga, kuposa ntchentche yothawa dzanja,
gawo limodzi mwa zikwi ziwiri za sekondi,
apo ayi injini ikanjenjemera
mapiri onse asanduka phala.

Mabatire awiri ali m'khwapa mwanga,
ndawafungatira ngati mazira,
chisanu chingawayamwe moyo tisanafike.
Makhadi ndafufuta usiku, ali mbee.

Bambo anga, Sighvatur, adandisiyira lamulo limodzi:
usatsamire khoma la ndege, mwana iwe,
chigongono chikakhudza chitsulo, chithunzi chafa.
Iwo ankakwera ndi filimu yochepa,
asanadinize ankayamba apemphera.
Ine ndingajambule zikwi,
koma mantha ndi omwe aja.

Chithunzi chawo chili m'thumba la jekete,
chopindika m'ngodya, chachikasu ndi zaka:
lilime la ayezi lotsika kuchokera ku Vatnajökull
mpaka kunyambita thanthwe looneka ngati mutu wa hatchi.
Kuseri adalemba ndi pensulo:
Ogasiti, mamita mazana asanu ndi limodzi, dzuwa kumanzere.

Tanyamuka.
Nditsegula zenera, mphepo phaa kumaso,
misozi yaumira m'masaya isanatsike.
Pansi mitsinje yamkaka yalukanalukana pamchenga wakuda,
yokongola mokwiyitsa,
yokhoza kugulitsidwa pakhoma la hotela iliyonse.
Ndiisiya idutse. Si imene ndadzera.

Ketill apendeketsa phiko.
"Apa," atero m'makutu mwanga.
Mutu wa hatchi uwo, ndauona,
dzuwa kumanzere, kutalika komwe kuja.
Ndiika diso pakamera, ndifunafuna lilime.

Kulibe.

Pali nyanja yotuwa, yachilendo,
yosalembedwa pamapu a bambo,
zibenthu za ayezi zikuyandama ngati mano oguluka.
Lilime labwerera m'kamwa mwa phiri,
kutali, lakuda ndi phulusa,
ngati la munthu amene waleka kutsutsa.

Ndidakonzekera kunjenjemera kwa injini,
ndidakonzekera chisanu,
kuwala kothobwa m'maso, mphepo yakuba;
chilichonse chosuntha ndidamata ndi tepi.
Kunjenjemera kwa manja anga ndiko ndidaiwala.

Ndikoka mpweya, ndiugwira.
Chigongono chinali chitatsamira chitsulo;
ndichichotsa, pepani bambo.
Tcha. Tcha. Tcha-tcha.
Chikope chachitsulo chimaphethira osalira,
ubwino wake ndi umenewo.

"Tizungulirenso?" afunsa Ketill.
Ndibisa kagalasi ka kumbuyo m'chikhatho, ndisuzumira.
Zonse zatuluka, zakuthwa ngati singano,
ngakhale mbalame ziwiri zoyera
zosambira mwaulesi
pamalo pamene bambo adayendapo ndi nsapato zamisomali,
atanyamula ine pamsana,
chipewa changa chofiira chikuwatseka maso.

Kanyali ka batire kayamba kuthwanima.
Mafuta alipo a theka la ola, atero Ketill,
ndipo mitambo ikubwera kuchokera kunyanja.

"Kamodzi kokha," ndiyankha.
Ndipisa dzanja m'khwapa,
nditulutsa batire lina,
likadali lofunda.